Makiyi a Chipinda cha Mabotolo

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1969, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerengane ndine mlongo wawo, mzime. Bambo athu anali ndi chigayo, choncho malemu anakula akusesa gaga, tsitsi lili mbuu.

Anayamba sukulu mu 1976, ndipo mu 1992 analandira digiri ya sayansi ya zakudya. Mu 1994 anamanga banja ndi alamu athuwa, aphunzitsi a masamu. Mu 1997 mwana wawo woyamba anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba asanayambe n'kuyenda komwe. Imfa imeneyo ndi imene inawasankhira ntchito.

Ankatiuza kuti m'matumbo mwa munthu muli tizilombo tabwino tomwe timamuteteza ku matenda, ndipo chakudya chake ndi ulusi wopezeka mu gaga, m'makoko a nyemba ndi m'zitsotso, zinthu zomwe timataya kudzala. Ankaziwiritsa, kuzisefa, n'kuziyika m'mabotolo pamodzi ndi tizilomboto kuti aone ulusi umene tizilomboto timausasitsa bwino. Ife tinkawaseka kuti anzawo akuweta mbuzi, iwo akuweta zosaoneka. Alamu ankadandaula kuti sangatsegule firiji ya kunyumba kwawo komwe popanda chilolezo.

Mu 2008 anatenga mnzawo wina kuti azigwira limodzi ntchitoyi. Anamuphunzitsa zonse osabisa kalikonse. Munthuyu ankadya pakhomo pawo, ana ankamutchula kuti amalume. Pofika 2018 anali atapeza ufa wothira m'chakudya cha ana, ndipo malemu ankafuna kuti uzikafika kwa mayi aliyense, ngakhale wosauka.

Mu Meyi 2019 anawapeza ndi khansa. Popita kuchipatala anasiya makiyi a chipinda choyesera m'manja mwa mnzawo uja, n'kumupempha kuti awasamalire ana awo a m'mabotolo.

Atabwerera kuntchito mu Malichi 2020 anapeza mashelefu ali mbee, firiji yozimitsa, chitseko chake chili yasa. Mabotolo abwino anali atapita, otsalawo ataola. Sipanatenge nthawi, ufa uja unatulukira m'masitolo, pa paketi pali dzina la kampani ina ndi nkhope ya amalume aja. Dzina la malemu panalibe. Anamuimbira foni, sanayankhe. Atakumana naye pakhonde la ofesi, iye anawapatsa moni ngati alendo, n'kudutsa.

Kukhoti malemu anakana kupita. Anandiuza kuti ululu wa khansa ali nawo mankhwala ake, koma uwu ayi. Anayesa kuyambanso kukhitchini ndi mabotolo a jamu, koma manja anali atayamba kunjenjemera. Anatisiya pa 3 Ogasiti 2023.

Asiya amuna awo, ana awiri, mdzukulu mmodzi ndi ife abale anayi. Tikuthokoza anamwino omwe anawasamalira, aneba omwe sanatope nafe, ndi ophunzira awo omwe ankabwera kudzawachezera mpaka kumapeto.

Dzulo kwafika nkhata yaikulu ya maluwa kuchokera kwa mnzawo uja, yolembedwa kuti anali ngati mchemwali wake. Banja lagwirizana kuti siipita kumanda. Amene munabwera nayo, ili pageti, muitenge pobwerera.

Achemwali, mwagwira ntchito yanu, ndipo ife tikudziwa mwini wake. Mzimu wanu uuse mumtendere.