Adokotala Anyamuka Folo Koloko

Olemekezeka nduna zoyimila mafumu athu a ku Kapichila, Mphamba ndi Chikomeni; olemekezeka akulu a zaumoyo m'boma lino la Lundazi; a Dokotala Bornwell Ngulube, amene mwatichokela kutali; azibusa, manesi, amayi ndi abambo nonse: monile mose.

Ndine Consolata Zimba, mphunzitsi wopuma. Ndithokoze amene munaumba njelwa, amene munatunga madzi, ndi amene munamanga chipinda ichi, momwe ovutika pokodza azionedwa ndi katswili wa chikhodzodzo ndi impso. Koma ndikati mtima wanga uli m'malo, ndinama.

Alongo anga a Enos, awo avala chipewa pansi pa mtengo wa mango, andilola kuti ndiwaulule. Chaka chatha mkodzo unayamba kuwavuta. Atapita ku kiliniki ya kwathu, anapeza kuti nesi alipo mmodzi yekha, Tryphena, mkazi wa mwana wawo. Inu mukudziwa, kuno mwamuna sadyela mbale imodzi ndi mpongozi wake, nanga za kumunsi kwa lamba akanazitchula bwanji? Anangoti, "Mutu, amama." Tryphena anawapatsa panado. A Enos anapitako kanayi, kanayi konseko mutu. Ndikawafunsa chimene ankakhalitsila kuseli kwa shedi ya fodya, ankati akuyang'ana ng'ombe.

Tsiku lina mkodzo unatsekekelatu. Tinawanyamula pa ngolo mpaka ku msewu. Ku boma anawaika kapaipi ndi thumba, natiuza kuti katswili tikamufune ku Lusaka. Kumeneko tinapeza mzele wa dziko lonse, ndipo tsiku limene anatipatsa silinafikebe. Lelo ndi miyezi khumi ndi umodzi munthu wamkulu akubisa thumba la mkodzo m'jekete, kutchalitchi anasiya. Impso imodzi inaonongeka kale, yatsala imodzi.

Abambo, ulemu wa apongozi ndi wabwino pa ukwati ndi pa malilo, koma kuchipatala ukutithela anthu. Inunso akuluakulu, kodi mlimi wa ku Chikomeni ayende maboma angati kuti akodze? Tiphunzitsileni akatswili ena, ana anzelu tinawaphunzitsa ife, alipo.

Tsopano chimene chandikwiyitsa lelo. Adokotala azibwela tsiku limodzi pa miyezi itatu, ndipo tsikulo ndi lino. Galimoto yawo inyamuka folo koloko. Afika naini m'mawa, ife n'kuwakhazika kutsogolo kuno ndi duwa pachifuwa, tikuwaonetsa magule ndi makwaya atatu, pomwe abambo makumi anayi akuzungulika pa benchi paja. Dzuwa lapendeka, sanaoneko munthu ndi mmodzi yemwe! A Haswell, inu oyendetsa mwambo, papepala panupo ndaona kuti kwatsala olankhula asanu ndi mmodzi. Mundikhululukile, ndakalamba, manyazi anatha. Olemekezeka, mawu anu okomawo mutiuze adokotala akapita, ife sitithawa. Amene atsale pa benchi lelo adzaonedwa chimanga chitacha, ndipo ena mwa iwo sadzafikako.

Choncho, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda ichi chatsegulidwa tsopano lino. Adokotala, vulani duwalo, kagwileni ntchito. Alongo, nyamukani. Tryphena, gwila apongozi ako pa mkono ukawalowetse, lelo palibe wothawa mnzake.

Yewo chomene, zikomo kwambili.