Dzina Limene Sindinalembe

Ine, amene pamsika ponse amanditcha Bolopeni, wa zaka 76, kalipentala, wokhala mzere wachitatu kuseri kwa chigayo, ndikunena izi:

Dzinali linabwera chifukwa cha bolopeni imene ndayenda nayo m'thumba la malaya zaka makumi anayi. Kusukulu sindinapondeko. Amene ankadziwa zimenezi ndi mng'ono wanga yekha, telala, amene anamwalira mwezi watha. Pepala likabwera ndimati magalasi ndaiwala kunyumba. Magalasi ndilibe. Lembani choncho bwana, kumwetulirako musiye.

Chaka chatha, Lachiwiri lina m'mawa, mng'ono wangayo ananditengera ku ofesi ya loya, ulendo wa mphindi khumi wapansi kuchokera pashopu panga. Anati akufuna kulemba wilo, ine ndikhale mboni. Loya anafotokoza kuti malamulo anasintha, chuma cha masiye ndi cha mkazi ndi ana, wachibale wolanda amamangidwa. Ndinamuuza kuti ife katundu wa bambo athu tinagawana popanda loya. Komabe ndinakhala pansi.

Ndinakana kudinda mpaka pepalalo litawerengedwa kawiri, koyamba ndi loya, kachiwiri ndi mayi wotayipa, loya atatuluka panja. Onse anawerenga zofanana. Nyumba ndi makina osokera awiri ndi za mlamu wanga ndi ana ake aakazi awiri. Ine sanandilembere kanthu, loya anati mboni siidyapo. Ndinadinda chala chachikulu chakumanja, ichi cha chipsera cha tchizulo.

Loweruka lapitali, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndinali kwa mlamu, ndikukonza chitseko cha kutsogolo. Panaima galimoto yoyera yapamwamba. M'menemo munatuluka mwana wa mlongo wathu, amene timamutcha Kondakitala, ndi amuna awiri amene sindiwadziwa. Analowa osaodira, n'kunyamula makina amodzi mpaka pakhonde. Mlamu anawaimira kutsogolo. Kondakitala anatulutsa pepala, nati ndi wilo yatsopano yopatsa iye nyumba ndi makina. Kenako anandicheukira, nati: "Malume, ukalamba womwewu? Dzina lanu si ili? Munasaina nokha."

Ndinapempha mlamu aone m'munsi mwa pepalalo. Anati palidi dzina langa, lolembedwa ndi dzanja lokongola kwambiri.

Apa n'kuti anthu atasonkhana, ngati khumi ndi asanu. Panalinso mkulu wa pachigayo, amene m'mawa uliwonse ndimamufotokozera za m'nyuzipepala. Ndimazimva pa wailesi. Anaima mapazi atatu kuchokera pamene ndinali. Ndinayang'ana iye, ndinayang'ana mlamu. Ndinaika hamala pansi.

Ndinasolola bolopeni, n'kumpatsa Kondakitala kuti alembe pachikhatho pake. Anakanda katatu, osatuluka kanthu. Inauma iye asanabadwe. Ndinati: "Iwe mwana, ine ngakhale chilembo chimodzi sindichidziwa. Ukanayamba wafunsa."

Mkulu wa pachigayo anaseka mpaka kukhala pansi. Amuna awiri aja anabweza makina pamene anawapeza, n'kulowa m'galimoto. Kondakitala anawatsatira osatsanzika. Pepala linatsala m'manja mwa mlamu, ndilo lili patebulo panupa. Wilo yeniyeni ili kwa loya. Mukayerekeze chalacho ndi ichi, chipsera sichinasamuke.

Chitseko ndinamaliza nthawi ya 12 koloko, ndinaikanso loko watsopano. Lero podutsa ndamva makina onse awiri akulira, amodzi mlamu, ena mwana wake wamkulu. Wa pachigayo wandifunsa kuti nyuzipepala yati chiyani. Ndamuuza, ndipo wamvetsera mpaka kumapeto. Bolopeni ndabweza m'thumba, dzina sindisintha.

Zimene ndikudziwa zathera pamenepa. Umboniwu andiwerengera kawiri, apolisi awiri, aliyense payekha, ndipo awerenga zofanana.

Chidindo cha chala cha mboni: ____________