Anakana Madzi pa Dzuwa la ku Tete

Okondedwa omvera, ku Ntengo-Wambalame kunalibe womuposa mwana wanga wamkazi pa liwiro, kulumpha ngakhale mpira. Zikho za pa shikola ankabwera nazo ndi iyeyo.

Kwathu kuno kumazizira, ndipo othamanga samwa madzi mpikisano usanayambe, ati amalemetsa miyendo. Atapita kukapitiriza maphunziro ku instituto ku Tete, anakachita zomwezo pa dzuwa lowotcha lija.

Tsiku la mpikisanolo ndinali pomwepo. Akutsogola, ndinangoona miyendo yake ikupindika, n'kugwa chafufumimba. Ndinamugwedeza, maso atatembenuka, milomo itauma.

"Mwanawe, ndiyankhe!"

Anatsitsimuka tili kuchipatala, n'kundifunsa kuti, "Amayi, ndapambana?"

Akuthamangabe mpaka lero. Koma ine wezulo ikangolira ndimatseka maso, botolo la madzi ndili nalo m'manja.