Chipatala cha m'Laputopu

Pasiteji ya minibasi ku Domasi, mayi wina wonyamula chakudya cha wodwala sankachotsa maso pa laputopu ya bambo amene anakhala naye benchi imodzi.

"Pepani achimwene, ndakumvani pafoni mukuti muzimitsa chipatala. Chipatala chake chiti?"

"Ayi mayi, n'chongoyerekezera. Tinachipanga m'kompyuta kuti chiziyankha pulogalamu yathu tikamaiyesa, tisamavutitse chenichenicho. Onani mndandanda wa zipatalawu: ichi chikuyaka, ichi ndazimitsa kale."

"Nanga dzinalo bwanji lili la chipatala chathu chomwechi?"

"Timakopera zonse kuti zifanane."

"Zikafanana choncho, inuyo simusokoneza?"

Bamboyo anayang'ananso mndandandawo kawiri, chala chili m'mwamba osadina batani.

"Mwaonatu! Mwana wanga ali pa okosijeni kumeneko. Tsekani chinthu chanucho mpaka atuluke."