Ubweya wa M'makutu

Saluni inali itangotsegulidwa kumene, mayi wozula ubweya akupukutabe galasi, pamene analowa bambo ena a jekete yothina, chipewa chili kumutu, nkhope ili gwa ngati abwera kudzamanga munthu. Anakhala pampando osauzidwa n'kuloza makutu awo, mmene munali ubweya woti mbalame n'kumangamo chisa.

"Uwu. Uchoke. Kwamuyaya."

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka ndi ubweya. Zaka makumi atatu akazi anga akhala akundizula Loweruka lililonse ndi kachitsulo kawo. Dzana tinakangana, akuti, 'Kazulitseni kwina, tione.' Ndiye aone!"

Mayiyo anawerama n'kusuzumira m'khutu limodzi, kenaka linalo, mosapupuluma.

"Pali phula. Timamata, n'kumatula mwamphamvu. Mukhala bwino masabata atatu kapena anayi."

"Ine ndati kwamuyaya, inu mukuti masabata? Mukufuna ndikagwade kwa akazi anga?"

"Zogwada sitipanga kuno. Pali makina a leza, owotcha tsitsi ndi kuwala. Amachepetsa ubweya kwa nthawi yaitali."

"Kuchepetsa? Chemwali, ine ndikufuna maliro a ubweya, inu mukuupatsa tchuthi!"

"Komanso leza imafuna tsitsi lakuda. Lanuli ndi imvi. Siingalione."

"Siingalione? Anthu amaliona ali tsidya la msewu!"

"Anthuwo si leza, bambo."

Bambowo anamenya mpando ndi chikhatho, n'kuvula chipewa kuti adzikupize. Abale inu, dazi lawo! Linawala mpaka galasi linachita nsanje. Mayiyo analizungulira mwaulemu, manja ali kumbuyo.

"Koma iyi ndiye ntchito! Anakupangani kuti?"

"Chiyani?"

"Pamutupa. Palibe ngakhale kamodzi kobwerera. Makina anji?"

"Ndi Mulungu ameneyo!"

"Ooh, n'chifukwa chake. Ife sitinafikepo pamenepo. Koma anaiwala makutu."

"Sanaiwale. Anangosamutsa."

Chipewa chinabwerera kumutu mofulumira.

"Yatsala singano ya magetsi," anatero mayiyo. "Timalowetsa pamuzu wa tsitsi lililonse, limodzilimodzi, muzu n'kufa. Mubwera maulendo angapo. Muzu wofa sudzukanso."

"Eya, tsopano mukulankhula! Ngakhale pa tsiku lachiweruzo?"

"Zimenezo kusukulu sanatiphunzitse."

"Lembani papepala kuti kwamuyaya, musaine. Ndikawaikire patebulo, awerenge okha."

Mayiyo anatenga khadi ndi cholembera.

"Ndiyenera kudziwa kaye mmene khunguli lakhala likugwiridwira. Amakuzulani bwanji?"

"Aaa, mwankhanza! Ndimagona pasofa, mutu pamiyendo pawo. Amavala magalasi, n'kundigwira chibwano chonchi. Akuzula, akundinyoza. Akuti ndine tonde wokalamba. Akamaliza amauzira m'khutu, fuu!"

"Mphindi zingati?"

"Ola lathunthu. Ntchito yake ndi ya mphindi khumi, koma amachedwa dala."

"Masiku ena mutuwu umafikako pamiyendopo?"

"Ukafikeko kukatani?"

Mayiyo analemba zonse, n'kuyatsa makina, n'kuvala magolovesi.

"Chabwino. Ndiye mwapindula ola limodzi Loweruka lililonse mpaka imfa. Sadzakugwiraninso chibwano. Sadzauziranso m'khutu. Pamiyendo paja mwatsanzika, kwamuyaya monga mwanenera. Pendekekani, tiyambe la kumanzere."

Singano inayandikira. Bambowo anayang'anitsitsa khadi lija. Mwadzidzidzi manja onse awiri anakwera n'kutseka makutu. Munthu wamkulu anachita mantha, ndipo sanali a singano ayi.

"Dikirani kaye! Mwaphapo kale ungati?"

"Sindinakhudze n'komwe."

"Yang'anani bwino."

"Wonse ulipo, bambo. Wathanzi."

Bambowo anaimirira, anakonza jekete, anathokoza ngati munthu amene wapulumuka pangozi.

"Nanga pepala la kwamuyaya lija?"

"Ling'ambeni. Ubweyawu si wanga ndekha, uli ndi mwini wake."

"Ndiye mukagwada?"

"Maondo ndi anga, chemwali, sakukukhudzani."

Anafika pachitseko, anaima, anabwerera chonyang'ama, n'kunong'ona:

"Mulibe mafuta oti umere msanga? Loweruka ndi mawa."