Tsiku Limene Lole Idamwa Madzi a Amake Lute

Chaka chija cha chilala, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene Chongwe yense ankadya chimanga chachikasu cha chithandizo, ine ndinkayendetsa lole ya mlamu wanga, ba Enoki. Iwe Mabvuto mdzukulu wanga, popeza wangotenga laisensi ya malole, sendera kuno umve, chifukwa inu a masiku ano mumangogula chigubu cha kulanti, madzi oziziritsa injini aja, pa filing'i sitesheni n'kuthira osaganiza, koma ife zinthu zimenezi zinkasowa ndipo zinkatidetsa nkhawa.

Loleyo inali chuma chonse cha mlamu wanga, ndipo inali itangochoka kwa makanika wina ku Lusaka, ba Chanda, amene anaphwasula injini yonse. Tsiku lokaitenga anandionetsa zitsulo zakale zimene mapisitoni amathamangamo, ndipo zinali ndi tizibowo ngati chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe.

"Waona, mwana?" anatero ba Chanda. "Aya ni manzi ya pachitsime, yadya nsimbi. Mu dizilo ikulu uzifaka kulanti ya malole, iyi ya gilini, osati ya tumamotoka, pamodzi na mankhwala yochingiliza nsimbi kuti isadyeke. Ndipo osasakaniza na mtundu wina, izagwirana monga phala."

Anathira zonse bwinobwino, ndipo kulanti wotsala pansi pa chigubu anandipatsa, n'kunena kuti wina sadzapezeka msanga.

Sabata yomweyo akuluakulu a chithandizo anatisenzetsa matumba a chimanga opita ku Bundabunda, kumene anthu ankadikira pabwalo la tchalitchi kuyambira m'mawa. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa, koma la chaka chimenecho linali lina, ana inu, mitengo yonse ili mbee, ng'ombe zikungogwa m'njira. Titasiya tara n'kulowa msewu wafumbi, ndinaona singano ya kutentha ikukwera pang'onopang'ono, ndipo mtima wanga unkakwera nayo limodzi. Ndinati mwina ndi chitunda, koma titafika pachidikha sinatsike, kenako ndinamva fungo lotsekemera la kulanti, utsi woyera n'kutulukira kutsogolo. Ndinazimitsa injini pomwepo.

Paipi ya labala ya pansi pa redieta inali itang'ambika, ndipo kulanti yense wa ba Chanda anali akumwedwa ndi fumbi ine ndikuona. Kumbuyo kuli chakudya cha midzi yathunthu, kutsogolo kuli injini ya mlamu wanga, ndipo foni za m'thumba zanuzi kunalibe kuti ndifunse munthu.

Anthu a m'mudzi wapafupi anayamba kubwera, ndipo aliyense anali ndi nzeru yake. Wina anati ndiswere mazira mu redieta, wina anati fodya wopera amatseka pobooka. Ndinamanga paipiyo ndi malegeni ndi waya, koma funso linali lakuti ndithiremo chiyani. Bambo wina amene kale ankagwira ntchito pa famu anathamanga kwawo n'kubwera ndi chigubu chopanda dzina, muli madzi ofiirira.

"Ni kulanti iyi, ba draiva, tinali kufaka mu thirakitala. Fakani tiyende, bana bali na njala."

Ndinanunkhiza, ndinaviika chala, koma sindinadziwe kuti ndi chiyani, kapena chakhala zaka zingati. Anthu onse maso ali pa ine, ena ayamba kung'ung'udza kuti ndikunyada. Kuthamanga si kufika, ana inu, koma mawu amenewo ndi ovuta kuwauza munthu amene sanadye. Ndinabweza chigubucho, n'kunena kuti chimene ndikufuna ndi madzi oyera.

Koma madzi chaka chimenecho anali ovuta kuposa ufa. Zitsime zinali zitauma, amayi ankafukula mumchenga wa mumtsinje, kutali. Ndiye mayi wina wobereka mwana kumsana, amene anzake ankamutchula kuti amake Lute, anatula ndowa yake patsogolo panga. Anali akuchokera kumtsinjeko.

"Tengani. Nizapita futi."

Anzake awiri atamuona anatulanso zawo. Madziwo anali a matope, choncho tinawasefa pa chitenje cha amake Lute, n'kuwawiritsa mumgolo kuti zoyera zija zimene zimamata m'ketulo zitsalire pansi, ndipo tinadikira kuti madzi ndi injini zonse zizizire. Kudikira kumeneko, Mabvuto, sindidzakuiwala. Dzuwa likupendeka, ana akulira, ine ndikungoganiza za tizibowo tija. Kenako ndinasakaniza madziwo ndi kulanti wotsala uja, ndinathira pang'onopang'ono, n'kuliza injini.

Tinayenda ngati tikuperekeza maliro, diso limodzi pamsewu, lina pa singano. Inakwera kufika pakati, inagwedezeka, koma inaima pomwepo. Tinafika patchalitchi dzuwa lisanalowe, ndipo amayi anayamba nthungululu lole isanaime n'komwe. Amake Lute anali atakwera nafe, ndipo atasenza thumba lawo anadutsa kutsogolo kwa lole, n'kuisisita pa bampala ngati ng'ombe.

"Yamwa manzi yanga iyi," anauza anzawo. "Manje ni m'bululu wanga, m'bale weniweni."

M'mawa mwake ndinabwerera nayo kwa ba Chanda, ndipo anakhetsa madzi onse, anatsuka redieta, anaika paipi yatsopano, n'kuyendayenda m'tauni mpaka anapeza kulanti woyenera ndi mankhwala ake. Mlamu wanga anaiyendetsa loleyo zaka zambiri injini osatsegulidwanso.

Tsono iwe mdzukulu wanga, lero mitundu ya kulanti yachuluka, yofiira, yachikasu, yabuluu, ndipo mtundu wokha suuza munthu zimene zili m'kati. Werenga pachigubu ngati ndi wa injini yaikulu ya dizilo, funsa amene akuidziwa injini yako, pakuti safunsa anadya phula, ndipo chimene sukuchidziwa usathire ngakhale anthu akukukakamiza. Uziyenda ndi chigubu chako chosungira kuseri kwa mpando. Ndipo ukaona mayi atasenza ndowa m'mbali mwa msewu, chepetsa liwiro, usamuthire fumbi m'madzi.