Giyabokosi ya a Tcheyamani

Zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi ya chipani m'thumba, ine ndinali fundi wa magalimoto kufupi ndi mlatho wa Lufita. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndipo mpaka lero ena amandikumbutsa, ngati kuti satifiketi inamasulapo bawuti. Ikani mafoniwo pansi inu, mumve.

A Tcheyamani athu a chipani anali ndi kagalimoto kakang'ono kokalamba, ndipo ulendo uliwonse wokwera ku Misuku ankabwerako atawotcha kilatchi. Koma atapita ku Lilongwe anakaona bwana wina akuyendetsa galimoto yosintha yokha magiya, dzanja lili pawindo kubayibitsa anthu, ndipo mtima wawo unatsala padzanja lomwelo. Posakhalitsa anandibweretsera chigiyabokosi cha otomatiki pangolo ya ng'ombe, chochokera m'chigalimoto chimene chinagubuduzika cha ku Mafinga. Anabwera ndi kalaliki wawo, munthu wa tayi wochokera kumwera.

"Fundi, uike ichi m'galimoto yanga," anatero a Tcheyamani.

"Adada, sichikwana. Chikulingana ndi mwana wa ng'ombe."

Kalaliki uja anakonza tayi yake. "Ndiye ukuti a Tcheyamani alakwitsa?"

Inu a masiku ano mumatukwana nduna pawailesi n'kukagona kwanu, koma nthawi imeneyo mawu oti "sizingatheke" ankasowetsa munthu. Ndinangoti, "Yewo adada, chikwana."

Ndinadula pansi pa galimotoyo, ndinakulitsa malo ndi nyundo, ndinafupikitsa shafuti n'kuwotcherera zitsulo zogwirizira, ndipo mpando wa woyendetsa unachita kupendekera kuchitseko. Patatha milungu itatu kagalimoto kanayenda, kakubuula ngati bulu wosenza matumba a khofi, koma magiya akusintha okha. Popereka kiyi ndinawatsina khutu: "Adada, mugule batire yatsopano. Galimoto yotereyi siilira pokankha."

Tsono mudziwe kuti ku Chitipa kuno galimoto yolira ndi kiyi inali yosowa. Aliyense ankaimika yake pamtsetse, m'mawa anthu n'kukankha. Choncho kalaliki anaseka mpaka kutsokomola. "Galimoto yosalira pokankha munaionapo kuti? Vuto la kusaphunzira ndi limeneli."

Linafika tsiku la msonkhano waukulu, kukubwera mlendo wolemekezeka wochokera kulikulu, ndipo a Tcheyamani ndiwo amayenera kutsogolera mdipiti kuchokera pa boma. Batire yatsopano ija sanagule. Anapotokola kiyi, zii. Anakankha achinyamata a chipani, zii. Anawonjezerapo amayi ovala nsalu ya chipani, akukankha uku akuimba, ndipo anatsetsereka nako mpaka ku Lufita, a Tcheyamani ali mkati, dzanja pawindo monga momwe ankafunira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mlendo uja anawadutsa n'kuwasiyira fumbi.

Madzulo asanakwane ndinali m'chitokosi, mlandu wake wochititsa manyazi boma. Kalaliki analumbira kuti za batire sanamvepo. Apolisi anati mawa lake anditengera kumwera, kumalo kuja kumene anthu ankapita ndi tsitsi lakuda n'kubwerako ndi imvi, ngati abwerako n'komwe.

Koma kutacha, galimoto ya apolisi inakana kulowa giya, ndipo m'boma lonse lino fundi wodziwa kutsegula giyabokosi anali mmodzi, yemwe uja wa Sitandade 5. Sajeni anandimasula unyolo n'kundipatsa sipanala.

"Itenga masiku angati, fundi?"

"Bwana, zimenezi ndi za anthu ophunzira. Ine ndingoyesa."

Inali ntchito ya masiku awiri, koma ndinaigwira miyezi itatu, lero kwasowa bawuti, mawa kwasowa girisi, ndipo palibe wa tayi amene anasuzumira pansi pa galimoto kuopa kuda malaya. M'miyezi imeneyo mlendo uja sanaiwale fumbi lake. Kunabwera kalata, a Tcheyamani anachotsedwa paudindo, ndipo mlandu wanga unazilala wokha. Tsiku lotsatira ndinamanga bawuti yomaliza. Woyamba kukwera kumbuyo, ulendo wa kumwera, anali a Tcheyamani omwewo, manja onse awiri ali m'unyolo. Galimoto ya apolisiyo inalira bwinobwino, sanachite kukankha.

Sindinasekerere, chifukwa anali ndi ana ngati ine. Koma inu ana anga, munthu wa manja akuda akakuuzani kuti chinthu sichikwana, musamufunse kumene analekeza sukulu. Mufunseni chifukwa chake, ndipo mudikire ayankhe.